Bondo la Hilkka

7 Okutobala, Lolemba

Mame okhaokha. Chisanu ayi. Atsekwe adutsa kawiri.

Magalimoto atatu achepetsa liwiro pageti panga. Sakundiona ine, akusuzumira ngati ndakweza galimoto pa jeke. Zaka 41 mudzi uno umavala matayala a misomali, oyendera pa chipale, tsiku limene ine, Aulis, ndavala. Mawa lake chipale chimagwa. Amati ndimanunkhiza mphepo.

Ndilembe zoona, pepala silinena. Mphuno yanga sidziwa kanthu. Linkadziwa ndi bondo lamanja la mkazi wanga Hilkka. Likayamba kuwawa iye ankangoti, “Katulutse jeke,” ine nkupita panja, nkuyang'ana kumwamba kanthawi kuti anthu aone.

Chaka chino adokotala anamuika bondo lachitsulo. Mwini wake ali kunyumba ya okalamba ku tauni chiyambire Julaye.

9 Okutobala, Lachitatu

Tsiku la Hilkka. Makilomita 38 kupita, 38 kubwera. Sindinaphonyepo Lachitatu ngakhale limodzi. Ndinatenga buledi wakuda ndi masokosi.

Ndinafunsa mozungulira. Kagonedwe, chakudya, kenaka bondo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Wabwera kudzaona ine kapena nyengo? Bondo lako lija adokotala anataya, mneneri iwe. Ili ndi supuni, silimva kanthu.”

Sanaseke. Masiku ano saseka. Zenera lake linayang'ana khoma.

10 Okutobala, Lachinayi

Kusitolo. Taisto, mnansi wanga, pamaso pa anthu: kodi mphuno yati chiyani? Ndinati ikadali kuganiza. Onse anagwedeza mitu ngati ndanena zanzeru.

Azanyengo pa wayilesi akuti mwina. Malipiro mwezi ndi mwezi pa mawu akuti mwina.

12 Okutobala, Loweruka

Ndatulutsa matayala a misomali m'shedi, kungowaona. Choko chimene ndinalemba powachotsa mu Epulo chikuonekabe, lakutsogolo kumanja, lakumbuyo kumanzere. Ndinayesa ndi kamtengo ka machesi monga ankachitira bambo. Mutu wa machesi uyenera kubisika m'mzere wa tayala. Sunabisike. Pa onse anayi. Misomali yotsala ndi yowerengeka ngati mano anga. Mphira yauma, ming'alu m'mbali. Ndinagula liti? Hilkka akanakumbuka.

Atha. Sangapitenso pamsewu.

Poti ndinali kale wakuda m'manja, ndinakweza galimoto kuti ndione chimene chimalira kumbuyo. Kamwala basi. Mphindi khumi. Taisto anadutsa, anaimika dzanja.

13 Okutobala, Lamulungu

Kutchalitchi anthu asanu ndi awiri. Ena onse ali chogwada pakhomo pawo, koma pamaso pa magalimoto. Majeke paliponse. Ngakhale abusa atatha mapemphero anavula kolala nkugwira sipanala.

Chifukwa cha kamwala.

Ndikanatha kunena. Ndinafika mpaka pampanda wa Taisto. Anakweza mutu, mafuta mpaka m'makutu, akuti zikomo Aulis, ukanapanda iwe. Ndinati palibe kanthu. Ndinabwerera.

Matayala anga akale ndawabisa kuseri kwa nkhuni.

21 Okutobala, Lolemba

Dzuwa. Tsiku lachisanu ndi chinayi la dzuwa. Udzu wayambanso kumera. Ntchentche m'khitchini.

Mudzi wonse ukuyenda kwetekwete pa phula louma, misomali ikutha. Kusitolo mkazi wa Taisto, Kaisu, anandifunsa ngati mphuno ili ndi chimfine. Wina anati anditumizire mpango. Ndinaseka nawo.

Galimoto yanga ikadali pa matayala a chilimwe. Ndimaiimika kuseri kwa sitolo, mawilo mu udzu. Pa phula ndimadutsa anthu akalowa m'nyumba.

Atsopano? Kugula ku tauni nkosavuta. Koma wogulitsa ndi mlamu wa Kaisu, madzulo mudzi wonse udziwa kuti mneneri akugula matayala patatha sabata atalosera. Komanso kukutentha. Palibe changu. Munthu mmodzi yekha m'mudzi muno amene sakhulupirira Aulis ndi Aulis.

29 Okutobala, Lachiwiri

Mphepo yasintha. Zala zikuwawa. Mwina ndi ukalamba chabe. Ndipite Lachinayi ndikagule, zivute zitani.

30 Okutobala, Lachitatu

Ndadzuka kuli zii. Kuyera konse. Chipale mpaka m'akakolo, pansi pake madzi oundana ngati galasi.

Foni katatu isanakwane 8 koloko. Onse kuyamika. Akuti wayilesi yaona dzulo, Aulis anaona masabata awiri apitawo.

Ndinaliza injini. Ndinakhala m'katimo. Chitunda cha pa mlatho, kenaka khona lija la ngalande yakuya. Ndinayesa pabwalo pompano, mamita asanu, buleki. Galimoto inapita yokha kukapsompsona mpanda.

Kusapita, Hilkka adikira pa zenera lake la khoma. Kupita, mwina andipeza mu Epulo, chipale chikasungunuka.

Ndinazimitsa. Wapansi mpaka kwa Taisto, chipewa m'manja. Ndinanena zonse nditaimirira pakhonde. Matayala, kamwala, bondo, zaka 41. Mawu ankatuluka movuta ngati nati ya dzimbiri.

Iye anapitiriza kumanga nsapato. “Aulis, galimoto yako yakhala ikudutsa mwakachetechete ngati mphaka. Makutu tili nawo. Ndipo za bondo ndani sadziwa? Tinkayang'ana Hilkka akamapita ku bokosi la makalata. Akatsimphina, ife tatulutsa kale majeke. Tinkangodikira iwe uyambe, mkazi wako anatipempha.”

Ndinafunsa, nanga chaka chino? Akuti ukanakweza jeke wekha, mudzi nkungokuyang'ana, ukanafa.

Makilomita 38 m'galimoto ya Taisto, kupita kwa Hilkka. Misomali ikugwira bwino. Ndinangomupempha kuti asauze Hilkka.

31 Okutobala, Lachinayi

Dzulo lija Taisto anamuuza zonse tisanavule majasi.

Hilkka anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka namwino anabwera kudzaona. Misozi m'masaya, dzanja lake pa dzanja langa. Anamuuza Taisto abwereze pa kamwala paja. Kawiri.

Kuseka koyamba chiyambire Julaye.

Lero ku tauni, Taisto wandiperekezanso. Mzere wa ogula matayala mpaka kunja, anthu osamva a chaka chilichonse amene ndinkawaseka. Nambala yanga 52. Mlamu wa Kaisu sananene kanthu, anangondipatsa khofi. Bola akananena.

Anayi atsopano ali pakhonde, akununkha mphira. Taisto akubwera ndi jeke yake. Akuti msana wanga suyenera, ine ndizingogwira manati m'chipewa.

Uyo wafika. Chipewa chili kuti