Chikombole chimene sindinachitsuke

Lolemba, 13 Okutobala

Kutentha kwa lero, ayi ndithu. Ndafika ku ofesi bulauzi ili chonyowa.

Ba Cephas, abwana athu, andipatsa ntchito. Loweruka kuli kalasi ya anthu khumi ndi awiri ophunzira kuteteza makompyuta, ndipo aliyense akufunika kompyuta yake yoti aziyesa kuthyola. Madzulo ndimafotokozera ba Tiya, akulu anga, iwo akusankha tomato wotsala ku msika. Ndati si makompyuta ogwirika, amakhala m'kati mwa seva yathu, kompyuta yaikulu ya ku ofesi. Umakonza imodzi, chikombole ngati cha njerwa, ena onse n'kumatuluka momwemo ofanana ndendende. Kale zinkanditengera masiku atatu. Tsopano tili ndi ejenti, pulogalamu ya AI, umangoilembera ngati ukutuma munthu, iyo n'kuchita yokha.

Ba Tiya aseka mpaka kutsokomola. "Manje iwe Vera bakulipila chabe kutuma makina? Uniuzileko izibwela kunigulisila tomato."

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ba Cephas akuti chikombole ndichipange kuchokera pa kope la seva ya kiliniki ina imene tinaiyesa chitetezo mwezi watha. Akuti ili ndi mabowo enieni olowera akuba, ophunzira akasangalala. Ine sindinakonde, koma ndinangoti chabwino.

Ndalembera ejenti bwinobwino: fufuta mafayilo onse a odwala, ika mayina abodza, tulutsa makina khumi ndi awiri. Ili pakati, malaiti thii! Jenereta nayo kukana kulira, mpaka ola lathunthu. Atabwera malaiti ejenti yapitiriza yokha, kenako yalemba kuti yamaliza, makina onse akuyaka. Ndayatsa imodzi, yayakadi. Mtima umandiuza kuti nditsegule m'kati ndione. Koma njala, kutentha, mzere wa basi ya kwathu ku Mtendere. Ndatseka laputopu.

Lachinayi, 16 Okutobala

Ba Cephas andiyamikira pamaso pa onse. Ndayenda ngati bwana tsiku lonse.

Loweruka, 18 Okutobala

Mulungu wanga.

M'kalasi munali Webster, wa mumsewu mwathu momwemuno, wapakamwa uja. Ndiye anayamba kuthyola makina ake, n'kuimirira kuvina. Kenako anasiya kuvina. Anandikodola ndi chala.

"Ba Vera, aba ba Tiyanjane Sakala ba mu Mtendere, si ba sisi banu?"

Ndinayang'ana. Dzina lawo, nambala ya foni yawo, tsiku lokatenga ma ARV. Kuyambira zaka ziwiri zapitazo. Ine sindinkadziwa. Amayi sadziwa. Tikugona chipinda chimodzi ine ndi ba Tiya, ine osadziwa!

Ndinati ndi mayina abodza amenewo, makina amangopeka. Mawu anga anatuluka ngati a mwana. Webster anangoti "Ohoo," akundiyang'ana. Ndinathamanga kukazula waya wa seva, kalasi yonse kudandaula. Ndinawanamiza kuti yatentha.

Atapita onse ndinawerenga zonse zimene ejenti inachita Lachiwiri. Malaiti anaidula ili pakati pofufuta. Itadzuka inangolumphira pa ntchito yotsatira, yofufutayo n'kuiwerengera kuti yatha. Mayina a anthu mazana anayi, m'makina onse khumi ndi awiri. Ndikufuna kuitukwana, koma ndiitukwana bwanji? Ine ndiye ndili ndi maso. Kutsegula foda imodzi kukanatenga mphindi ziwiri.

Lamulungu, 19 Okutobala

Ku tchalitchi ba Tiya amaimba mu kwaya, akumwetulira, thukuta lili kamukamu. Ine sindinamve ulaliki ngakhale liwu limodzi.

Poyamba ndinakwiya. Zaka ziwiri osandiuza, ine mng'ono wawo? Kenako manyazi. Anabisa bwino, anakasankha kiliniki ya kutali kuti anthu a kuno asawaone. Wowavula ndi ine.

Pobwerera anandifunsa ngati ndikudwala. Iwo kundifunsa ine!

Lolemba, 20 Okutobala

Ndawauza ba Cephas. Atseka chitseko, avula magalasi. "Fufuta vonse, ukhale zii. Kiliniki ikamvela, tasila tonse. Na iwe wamene."

Ndati nanga anthu amene aona? Akuti ana a sukulu amaiwala. Webster si mwana, ali ndi ndevu ndi mkazi.

Ejenti yafufuta zonse m'mphindi zinayi. Ulendo uno ndalowa paliponse ndi maso anga, palibe chotsala. Zandipweteka kuona mmene zapepukira.

Ndaimbira Webster kawiri, osayankha. Kachitatu wayankha, akuti, "Musavutike ba Vera, ine sinikamba vinthu va banthu." Wanena mofulumira kwambiri. Sindikumukhulupirira.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Zayamba.

Ba Tiya abwera ku msika akudabwa. Amake Webster amagulitsa kapenta, tinsomba touma, mzere womwewo. Akuti lero awafunsa katatu konse ngati ali bwino m'thupi, n'kuwaletsa kunyamula kireti. "Banigwila na pa phewa, monga nafedwa. Bali na chani bamai baja?"

Ndati kaya. Amayi amapita ku msika Lachinayi lililonse kukagula nyemba, ndipo amake Webster akakugwira sakusiya.

Lachitatu, 22 Okutobala

Sindinapite ku ntchito. Ba Cephas aimba kanayi, foni ndaiika pansi pa pilo.

Ndawapeza ba Tiya kuseri kwa nyumba m'mawa, akutsuka makireti. Ndinakonza mawu ambiri, za malaiti, za ejenti, za abwana. Nditawaona onse anathawa. Ndinangoti, "Ba Tiya, ndakulakwirani. Ndikudziwa za ku kiliniki. Webster akudziwanso. Anaona pa makina anga, chifukwa cha ulesi wanga."

Sanatembenuke. Anapitiriza kukwecha kireti lomwelo, loyera kale. Ndinagwada pamatope pomwepo, ndikulira, iwo osalira.

"Ni bangati baona?"

"Makina anali khumi ndi awiri. Sindikudziwa."

"Suziba."

Anatsanulira madzi pansi pang'onopang'ono mpaka beseni kuuma. Ndinkadikira mbama, ndipo ndinkaifuna. Sinabwere. Anapukuta manja pa chitenje, n'kuyang'ana ku zenera kumene amayi amasesa akuimba.

"Zaka zibili nenze kusakila siku yabwino yobauza," anatero. "Wanisankhila iwe."

Ndinati pepani, pepani, mpaka mawu kutha.

"Nyamuka, pukuta pamaso. Bamai sibazamvela kuli ba kapenta. Uzankhala pafupi na ine, koma usakambe kanthu. Wakamba kale."

Anatsogola iwo. Pakhomo anaima pang'ono, n'kukonza duku. Kenako anati, "Bamai, siyani tsache. Nkhalani pansi."