Mbale Yanu Ndaikwirira

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusakako. Kuno amayi mwendo ukuwavutabe, koma mwana wanga Esinati chifuwa chija chatha. Kalatayi ndapatsira a Saidi pamanja poti akubwera kumeneko, positi ndikuiopa.

Mbale ya nyimbo zanu inafika. Poti tilibe galamafoni, ndinapita nayo pagolosale ku Kachulu. Inenso kunyada, ndinkauza aliyense kuti piyano ikulirayo ndi zala za achimwene anga, akatswiri a jazi. Pamenepo panali bambo wina wachilendo, ati wogula matemba, koma nsapato zake zinalibe ndi matope omwe.

Anati, "Mayi, nyimboyi bwanji ilibe mawu? Nyimbo zathu kuno timadziwa amene zikumutamanda. Nanga iyi ikutamanda ndani?"

Ndinati ndi yongovina basi. Anaseka, n'kufunsa dzina lanu, chaka chimene munachoka, ndi anthu amene mumacheza nawo kumeneko. Matembawo sanagule. Dzulo watulukira pakhomo pano, ati akufuna kuona khadi la chipani la bambo a Esinati, iwo ali kumpunga ku Likangala.

Achimwene, musakwiye, mbale ija ndaikwirira kuseri kwa khola la mbuzi. Chonde musatumizenso ina, ndipo Khirisimasi ino musabwere.

Chikundisowetsa mtendere ndi Esinati. Nyimbo ija inamulowa m'mutu, akungoiyimba pachitsime anthu akumva. Ndamumenya, walira, kenako wayambiranso. Mbale ndakwirira, nanga mwanayu ndimutani?

Mulungu akusungeni, mutipempherere.

Ndine mlongo wanu,
Aginesi