Zilembo Zanyerere pa Kompyuta ya Mayi

Lolemba, 4 Malichi

Mawondo akuwawa. Mayi akunyumba asintha sikirini ya kompyuta mu shopu yawo yotayipira anthu makalata. Yatsopanoyi ndi yaikulu, koma ukangoyatsa, zilembo zoyambirira zija, zoyera pamdima, zikumatuluka ngati nyerere. Pamenepo mpomwe imafunsa mawu achinsinsi. Mayi sakuona. Kumangobaya mwachimbulimbuli, kulakwitsa katatu, makasitomala ali pabenchi.

Ndati ndikonza. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndikukonza mawailesi ndi makanema. Pakhomo pano palibe chinakonzedwapo ndi dzanja la mwamuna wina. Ngakhale loko.

Lachiwiri, 5 Malichi

Ndamasula kumbuyo kwa sikirini kufuna kopotokola kokulitsira chithunzi, ngati pa makanema akale. Mulibe. Kabolodi kamodzi basi, kopyapyala ngati bisiketi. Ndamanganso. Sikuluwu imodzi yatsala m'manja.

Mayi: "Bambo, iyi si wailesi." Sikuluwu ija ndaiponya m'thumba.

Lachisanu, 8 Malichi

Mayi andibweretsera Aphunzitsi opuma pantchito aja a nyumba yachitatu. Akazi awo anamwalira chaka chatha. Fungo la perefyumu kuyambira pageti. Osanyamula ngakhale sikuludiraiva. Kufika, kukhala pampando wanga.

Akuti sikirini ilibe vuto. Akuti kompyuta ikamadzuka imakhala isanadziwe kukula kwa sikirini, ndiye umailembera nambala mu fayilo inayake. Mayi kumangogwedeza mutu ngati ali m'kalasi. Kenako kuseka. Kuseka kumene kuja ine ndinakumva liti komaliza?

Aphunzitsi tiyi m'kapu yamaluwa. Ine yapulasitiki.

Loweruka, 9 Malichi

Abweranso. Akuti dzulo anaiwala kuiuza kuti isunge zomwe analemba. Munthu wophunzira kuiwala? Asandipusitse. Mmisiri akafuna kubweranso pakhomo amasiya dala waya mmodzi osalumikiza. Mayiwa ndinawapeza choncho. Wailesi ya bambo awo ndinaikonza kanayi.

Lero zatheka. Zilembo zikuluzikulu ngati za pa basi. Mayi kuwomba m'manja. "Aphunzitsi, manja anu ndi odala." Manja osalala opanda ndi chipsera chomwe.

Aphunzitsi amata pepala pakhoma, lolemba zonse zomwe achita, mzere ndi mzere. Pansi pake nambala ya foni.

Lachitatu, 13 Malichi

Masiku anayi osaitanidwa mu shopu. Ndimangosesa pakhonde ngati wolembedwa ntchito.

Kasitomala wina wadandaula za ayironi yake yakufa. Mayi ati, "Mwina Aphunzitsi angadziwe." Ine ndili pakhomo pomwepo ndi tsache. Ayironi!

Chakudya chamasana sindinadye. Sanafunse.

Lachinayi, 14 Malichi

Mayi apita kukagula mapepala. Ndalowa. Sindimafuna kuwononga, Mulungu ndi mboni. Ndimafuna nyerere zija zibwerere, aone kuti ntchito ya munthu wa choko silimba. Kenako mawa ndikonze ndekha, iwo akuona.

Chinthu chilichonse umachimasula mobwerera momwe anachimangira. Ndiye pepala lija ndaliyambira mzere wapansi kukwera m'mwamba. Nambala yomwe Aphunzitsi analemba mu fayilo ija ndafufuta, ndaika yanga. Kuyatsa, palibe chasintha. Ndabwereza, ulendo uno kufufuta ndi timizere tina tinali pambali.

Kuyatsa. Mdima bii. Ngakhale nyerere imodzi.

Ndaigogoda pambali. Wailesi ikanamva.

Lachisanu, 15 Malichi

Makasitomala asanu abwerera. Mtsikana wina ndi kalata yofunsira ntchito yoti ikaperekedwe lero, misozi ili lengelenge. Sindinathe kumuyang'ana.

Mayi sanakalipe. Bola akanakalipa. Ati, "Foni sindiimba. Munthu mukumuopayo mukamutenge nokha, mukamuuzenso mizere yomwe mwagwira. Ine ndimangofuna kuona zilembo. Msinkhu uno ndiyambenso kuchapira mwamuna wina?"

Nsapato ndavala. Ndafika pageti pa Aphunzitsi kawiri, kubwerera. Galu wawo wasiya ndi kuuwa komwe. Kachitatu ndigogoda ndithu. Chondivuta ndi poyambira. "Aphunzitsi, pepani" ndi mawu olemera. Mwina ndingoti magetsi ndi omwe aiwononga.