Mawu a malemu bambo anga atsekeredwa mu akaunti ya kuntchito

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Chegutu. Chaka chatha ndinapeza ganyu pamalo ena ofufuza za ulimi ku Kadoma. Ankafuna munthu wodziwa Chichewa woti azicheza ndi akuluakulu amene anakalambira m'mafamu, n'kumajambula mawu awo. Anandipatsa akaunti pamakompyuta awo ndi pasiwedi yangayanga, ndipo zonse zimene ndinkajambula ndinkasunga m'menemo.

Mmodzi mwa amene ndinacheza nawo anali bambo anga, a Jobu, ku Selous. Kunyumba sankalankhula zambiri, poti ife ana tinkawayankha m'Chishona. Koma tsiku limenelo anamasuka. Anayamba ndi za thonje, kenako anafika pamudzi wa makolo awo ku Dedza, natchula abale amene sitinawamvepo, mpaka anaimba nyimbo yolimira.

Ganyu atatsala pang'ono kutha, Takunda, woyang'anira makompyuta, anandiuza kuti, "Sisi, mukachoka akaunti timatseka. Ngati muli zanu m'menemo, pemphani panopa." Ndinati ndibwera ndi fulashi yokoperamo mawuwo, koma sindinabwere. Ndinkangoti bambo ali pomwepa, ndidzawajambulanso pafoni.

Anamwalira m'nyengo yozizira yapitayi. Maliro atatha ndinayesa kulowa mu akaunti ija, inandikana. Mwana wanga Yamiko akundifunsa kuti kwawo kwa agogo ake kunali kuti, ine ndangogwira dzina la Dedza basi. La mudziwo landithawa.

Mnzanga Rumbi, amene akugwirabe ntchito komweko, akuti andibwereke pasiwedi yake ndikafufuze ndekha. Kukaonekera kwa Takunda ndikuchita manyazi poti anandichenjeza. Nditani?

E.J., Chegutu

Mayi E.J.,

Pepani ndi maliro. Musadziweruze kwambiri, palibe amene amacheza ndi bambo ake akudziwa kuti n'komaliza.

Koma za pasiwedi ya Rumbi zisiyeni. Makina aja amasunga dzina la aliyense amene walowa ndi zimene watsegula. Zikadziwika, wochotsedwa ntchito ndi Rumbi, ndipo inu mabwana a kumeneko sadzakumveraninso. Mwinanso akaunti yakeyo sifika n'komwe pamene panali zinthu zanu.

Kutseka akaunti si kufufuta ayi. Mawu amene munajambula anali a kafukufuku, choncho n'kutheka kuti anawasamutsira kwa mkulu wa pulojekiti. Kwerani kombi mukaonane ndi Takunda maso ndi maso, mumufunse kumene zinthu za mu akaunti yanu zinapita. Akakukumbutsani kuti anakuuzani, vomerani, kenako bwererani pa zimene mwabwerera.

Kwa mkulu wa pulojekiti mukapemphe monga mwana wa malemu, ndipo mutenge chikalata chotsimikizira kuti bambo anamwalira. Mupemphe mawu a bambo anu okha, a akuluakulu enawo si anu. Akakupatsani, musunge pafoni ndi pafulashi, mutumizirenso abale anu. Ngati amayi kapena azakhali akadali moyo, khalani nawo pansi muwajambule, mwina dzina la mudzi lili pakamwa pawo.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Malo ambiri otere amafufuta zosunga zakale pakapita nthawi, ndipo tsikulo salengeza. Mukhoza kukapeza zitapita kale, ndiye konzekerani mtima. Koma Lolemba likubwerali likupezeni ku Kadoma.

Aphungu