Bambo Anatenga Mbedza

Namdalen, 3 Novembala

Wokondedwa mlongo wanga Vidar,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo. Muli bwanji kumeneko ku Perth, iwe, alamu anga a Kirsty ndi ana? Chifuwa cha Signe chija chinatha? Kuno tilipo ndithu. Bondo langa layamba kumvera, ndodo zoyendera ndinaziponya kuseri kwa chitseko, ndipo alamu ako a Jarle akungonenepa ngati alembedwa ntchito yomweyo.

Usadabwe kulandira kalata ya papepala. Ndikudziwa useka, uti Torunn wakalamba. Pafoni ndayesa kawiri, koma ndikangomva mawu ako ndimayamba kukamba za nyengo.

Ndiye poti ndi zimene ndazolowera, ndiyambe ndi nyengo yomweyo. Chipale choyamba chagwa Lachiwiri, chopyapyala pabwalo pano, koma m'mapiri chagwira. Atsekwe adutsa mochedwa chaka chino. Timbalame tija bambo ankatipatsa mbewu pawindo la kanyumba kawo tikubwerabe m'mawa uliwonse kudzagogoda galasi. Ndinagula thumba la mbewu, koma ine timandithawa.

Dzulo ndinaphika nyama ya nkhosa ndi kabichi mumphika wakuda wa mayi uja. Ndinasenda mbatatesi zisanu ndi ziwiri, ziwiri zanga, ziwiri za alamu ako, zitatu za bambo. Ndinazindikira zili kale pamoto. Alamu ako anaziona patebulo n'kudya zisanu okha kuti ndisaone zotsala.

Tsopano nkhani imene ndakulembera. Lamlungu pafoni unati walemba kalata yodandaula kwa akuluakulu, yonena kuti Terje Aunet ndi gulu lake lofufuza anthu osowa anachita ulesi tsiku lija ankafufuza bambo. Unati munthu wotaya maola anayi kumtsinje sayenera kutsogoleranso anzake, ndipo uitumiza mwezi uno. Ine ndinangoti kaya, kenako ndinati buledi akupserera. Mu uvuni munalibe buledi.

Vidar, kalata imeneyo usaitumize. Werenga kaye yangayi mpaka pamapeto.

Zonsezi zavumbuluka ndi wotchi ija unawatumizira bambo atakwanitsa zaka 80. Ukukumbuka mmene anailandirira? Ankaitchula kazitape wa pamkono. Anapita nayo kusitolo kukazimitsa kamene kamaonetsa malo, n'kusiya kowerenga mtima kokha, nakonso chifukwa choti unawaopseza kuti akaivula uziwaimbira tsiku lililonse. Bambo atamwalira apolisi anandibwezera, ine n'kuiponya m'dirowa ya mipeni. Unandiumiriza kuti ndiitchaje, ndipo itangodzuka inatumiza zonse kufoni yako ndi kukompyuta ya bambo.

Choncho tonse awiri taona. Adokotala anatiuza mwachifundo kuti mwina sanavutike nthawi yaitali, koma wotchi yanena zina. Anagwa 1 koloko itangodutsa. Mtima unagundabe mpaka kutatsala mphindi 13 kuti ikwane 9 koloko madzulo. Iwe waona manambala okha. Ine ndikudziwa zimene ndinkachita pa nambala iliyonse.

Dambo la bambo lothyolako zipatso za multe iwe unkangolimva. Sanakuonetse, ankati pakamwa pako m'pobooka, ndipo ndikudziwa zinkakuwawa ngakhale unkaseka nawo. Ine ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndowa zitadzaza, tisanabwerere, anandigwira phewa n'kunena kuti, "Malo ano anandionetsa ndi agogo ako, ine ndaonetsa iwe, basi. Ukadzakwatiwa mwamuna wako azingodya, asamafunse." Ndasunga mawu amenewo zaka 46. Alamu ako anyambita multe wa Khrisimasi zaka makumi atatu osadziwa kumene amachokera.

Ukudziwanso mmene timakhalira kuno mu Julayi. Aliyense amanama, ngakhale akulu a mpingo. Ukakumana ndi munthu msana utapindika ndi ndowa, akuuza kuti chaka chino kulibe kalikonse, chisanu chinapha maluwa. Bambo chinyengo chawo chinali mbedza. Ankaimika galimoto pamlatho, ndodo ya mbedza paphewa kuti aliyense aione, ndowa ili m'chikwama chakumsana. Akalowa m'mitengo ankabisa ndodoyo n'kukhotera kumtunda.

M'mawa wa tsiku lija anadutsa pawindo la khitchini ndi ndodo yomweyo, n'kunditsinzinira diso. Ndinali ndi sabata ziwiri chichokereni ku opaleshoni ya bondo, kuwaperekeza sindikanatha. Ndinawafuulira kuti nsomba ikhala itapsa 2 koloko. Iwo anati andibweretsera yoposa ya m'sitolo, ndipo tonse tinaseka.

Inakwana 2 koloko, inakwana 3, nsomba inauma m'poto. Itakwana 5 alamu ako anati basi, n'kumuimbira Terje. Anafika mphindi 20 zitadutsa, analowa m'khitchini osavula n'jombo zomwe. Terje ndi mwana wa kuno, Vidar, amadziwa mwezi umene tinali. Anaima pafupi ndi sinki n'kutsitsa mawu.

"Torunn, multe wa bambo ako ine sindikumufuna. Ungondiuza, apita kumtsinje kapena kudambo?"

Ine ndinati, "Anatenga mbedza."

Sindinaname, ndi zimene ndakhala ndikudziuza miyezi itatu. Koma ndinkadziwa kumene anali ngati mmene ndikudziwira dzina langa.

Usavutike kundifunsa kuti mutu wanga unali kuti, ndikuuza ndekha. Ndinakumbukira chaka chija bambo anachedwa kosaka nyama, mayi n'kuitana anthu, iwo n'kutulukira akuimba mluzu. Anakhala mwezi wathunthu osawalankhula mayi, akafuna mchere patebulo ankatuma iwe. Ndiye m'maganizo ndinkawaona atakhala pachitsa akumwa khofi, kenako amuna khumi ndi awiri ovala zofiira akutulukira n'kuwapondera dambo lawo, ndipo ndinkaona mmene akanandiyang'anira. Mumtima ndinati ayambe kaye kumtsinje, bambo amva phokoso, atsika okha akukalipa, chinsinsi chitsala. Ndinaopa nkhope ya bambo kuposa imfa yawo. Palibenso china choti ndiwonjezere pamenepo.

Terje anandiyang'ana kanthawi, n'kutuluka.

Pa wotchi, nthawi imeneyo mtima unali pa 104. Cha m'ma 6 koloko, pamene ofufuza anayamba kuliza mawezulo kumtsinje, unakwera kufika pa 131 n'kukhala pomwepo mphindi makumi awiri. Iwe pafoni unati mwina unali ululu. Ine ndikuganiza kuti anamva, ndipo ankaitana. Mphepo tsiku lija inkachokera kumtsinje, choncho iwo ankawamva anthu koma anthu sankawamva iwo.

Nthawi yomweyo ine ndinali nditakhala pampando, bondo pa pilo, ndikupakira ofufuzawo batala pa buledi. Ndinapaka magawo makumi anayi, bwinobwino mpaka m'mphepete, tchizi pamwamba. Anthu anandiyamikira.

Ndinaulula 9 koloko itadutsa, dzuwa likadali pamwamba pa phiri monga zimakhalira kuno mu Julayi. Alamu ako anabwera kudzatenga khofi wina n'kunena kuti anthu ayamba kufwanthula m'maiwe ndi ngowe. Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinajambula njira pa pepala lokulungira buledi. Terje anafika pamalopo m'mphindi 50. Anawapeza pakati pa miyala atathyoka m'chiuno, thupi likadali lofunda. Ndikananena 5 koloko muja, werengera wekha, masamu iwe ndiye unkawatha.

M'mawa mwake Terje anabwera ndi ndowa ya bambo, yotsekedwa bwino. Anati zikuoneka kuti zipatso zinatayika pamene anagwa, chifukwa zinali zosakanikirana ndi ndere ndi timasamba, koma bambo anatolanso zonse zimene dzanja linafikira n'kubwezera chivundikiro. Ndinayamba kulankhula, iye anandidula.

"Unati anatenga mbedza, ndipo mbedza tinaipeza. Ndalemba zimenezo."

Terje anawauza anzake kuti ndinakumbukira mochedwa malo ena akalekale. Pamaliro unamuona, ananyamula bokosi mbali yako yomweyo. Mpaka lero sanatsine khutu munthu aliyense, pamene m'sitolo anthu akumudya miseche kuti wakalamba, nzeru za m'tchire zamuthera. Ndinazimva ndekha ndili pamzere ndi mkaka m'manja, ndipo ndinakhalanso chete. Alamu ako akudziwa, anali pomwepo ndikujambula njira, koma nkhaniyi m'nyumba muno sitinaikhalirepo pansi.

Ndiye imva izi, abale. Sabata yatha ndikukanda buledi, pawailesi panali pologalamu ya zamakono ija ya Lachisanu, imene bambo ankaitsegulira dala kuti aziitukwana. Mtsikana wina wa mawu ansangala ankafotokoza za mapu a pafoni opangidwa ndi zithunzi za mumlengalenga, olozera madambo amene multe angamere. Anati anatuluka mu Meyi, ndipo ndi aulere. Ndinasamba m'manja n'kutenga foni ya alamu ako.

Dambo la bambo lilipo, Vidar. Lili pakati pa mazana ena, lopakidwa chikasu, aliyense wofuna akhoza kulikuza ndi zala ziwiri. Pansi pake munthu wina wa ku Trondheim analemba kuti m'pabwino koma udzudzu ngwambiri, muvale zazitali. Analemba pa 19 Julayi, masiku asanu bambo asanapiteko.

Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti ya khitchini, n'kuyamba kuseka. Ndinaseka mpaka alamu ako anathamanga kuchokera kugalaja, ndipo atandiona nkhope anazimitsa wailesi. Chinsinsi chimene ndinaperekera bambo anga chinali kale m'thumba la mlendo aliyense wodandaula za udzudzu. Buledi anafufuma mpaka kusefukira patebulo, ndinamutaya.

Sindikudwala, usayambe zondifunira adokotala. Ndikudya, ndikugwira ntchito zanga, ndapanga jamu wa maapozi mabotolo khumi ndi anayi. Kungoti tsiku lililonse 5 koloko ikadutsa ndimapezeka ndili pa sinki, kaya ndikutsuka kaya ndikusenda, ndipo ndimamva jombo pakhonde. Ndikudziwa kuti palibe munthu. Komabe ndimayankha, mokweza ndithu, ndimati kudambo, apita kudambo. Masiku oyamba alamu ako ankabwera kudzasuzumira. Tsopano ikayandikira nthawi imeneyo amapita kukawaza nkhuni, ndipo nkhuni tili nazo za zaka zitatu.

Kumtunda kuja sindinapiteko. Bondo likhoza kundifikitsa tsopano, koma ndikayang'ana pawindo n'kuona chipale chagwira paphiri ndimangoganiza kuti pamene anagona pakwiririka, ndipo ndimachita manyazi kuti mtima wanga umapepukako.

Unalemba kuti mukubwera pa Khrisimasi ndipo ana akufunsa za multe wa kirimu wa agogo awo. Alipo. Ndinamusankha ndekha, ndinachotsa ndere ndi timasamba, ali mufiliji m'timakontena titatu. Ndakuuza kumene wachokera kuti usankhe wekha ngati ana adye. Ine ndikhoza kupuntha kirimu, koma supuni kukamwa kwanga siikafika.

Sindikupempha kuti undikhululukire ndi kalata yobwera. Ukhoza kukhala chete mwezi wathunthu, magazi a bambo ndi omwewo, sindidzadabwa. Ukafuna kusintha matikiti ndimvetsa, ngakhale mabedi a ana ndayala kale ndipo ndakupempherani tebulo lalikulu kwa aneba. Kumtundu kwathu ndinu nokha amene ndatsala nanu, ndipo ndikuopa kukutayani kuposa mmene ndingalembere.

Chopempha changa n'chimodzi. Terje umusiye. Watha zaka 22 akusiya chakudya patebulo kukafuna anthu a eni ake m'mapiri popanda malipiro, ndipo chimwalirireni mkazi wake gulu limeneli ndi lokhalo limene limamudzutsa m'mawa. Anafunsa funso loyenera, pa nthawi yoyenera, kwa munthu yekhayo amene ankadziwa yankho. Mawa ndipita kwawo kukamuuza kuti ndakulembera, ndipo kuti safunikanso kundisungira kanthu.

Ngati mtima wako ukufunabe kuti wina ayankhe mlandu wa maola anayi aja, kalata yako usaing'ambe, mawu ake ndi oona. Ungofufuta dzina lake, ulembepo langa.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Kirsty, uwauze okha zimenezi ngati ufuna. Signe ndi Noah uwapsompsone pamphumi, uwauze kuti azakhali awalukira masokosi, kaya adzawavalira kuno kaya ndidzachita kutumiza. Alamu ako akupereka moni. Mulungu akusungeni nonse kutali komweko.

Ndine mlongo wako,
Torunn