Phala la a Tsvetan pa Chipata cha Bwalo la Mpira

TSVETAN GEROV, womata mapepala a timu yathu

Lero zakwana zaka zisanu, a Tsvetan, chitisiyireni. Amasiye anzanga amalemba mawu ofewa pa tsiku ngati lino, koma ine ndikulemba mtima ukuwira. Ndine Velichka mkazi wanu, mukundidziwa, za kukhosi sindisunga.

Timakukumbukirani muli pa mpando wanu wa pakona, makoko a mpendadzuwa ali mbwee pansi, mukukalipira wailesi ya kanema ngati ili ndi makutu. Mpikisano wa dziko lonse ukayamba, nyumba yathu inkasanduka khoti. Munkati umenewo si mpira, ndi msika wa nsapato. Katswiri akagwa n'kumagubuduzika asanakhudzidwe n'komwe, munkakuwa kuti, "Dzuka iwe, amayi ako akukuonera!" Woyimbira akathamangira ku kanema kuti akaone ngati ili penate, munkavula magalasi anu n'kumutambasulira dzanja: "Tenga angawa, mwanawe." Wosewera akapsompsona chizindikiro cha pa jezi munkamupatsa miyezi itatu yoti asamuke, ndipo kawirikawiri simunkaphonya. Mdzukulu wanu Nevena amakutsanzirani mpaka lero, ife n'kumaseka mpaka nthiti kuwawa.

Za Zlatomir, uja anakulira m'timu yathu, munanena kalekale asanapite kunja kukatchuka. Munati mwendo wake wamanzere ndi wongokwerera sitima. Wabwerera tsopano maondo atatha, tsitsi lokha ndiye likunyezimira, koma tauni yonse ikumugwadira.

Chandipsetsa mtima ndi ichi. Chipata chachitsulo cha kum'mawa kwa bwalo, pamene timamata zikumbutso za ochemerera amene anatsogola, mukuchidziwa, ambiri a iwo munawamata ndinu. Pepala lanu linkakhala pamenepo, pakati pa malemu a Spas ophika buledi ndi malemu a Doncho oimba ng'oma, ndipo Loweruka lililonse anzanu ankakugwirani pa chithunzi polowa. Chaka chatha mwini timu watsopano, munthu wosadziwa ngakhale popopera mpira, anatuma anthu ake n'kukupalani nonse. Ati akufa akuthawitsa amalonda. Koma abale! Anthu amene ananyowa ndi mvula n'kuzizidwa pa bwalo limenelo zaka makumi anayi, timu ikugonja mlungu ndi mlungu iwo osaisiya, lero asanduka zinyalala? M'malo mwanu anamatapo chithunzi cha Zlatomir chodzaza chipata chonse, mano ali pamtunda, akutsatsa botolo la mafuta odzola m'mutu.

Kulakwa kwanga ndikuvomera, musandiyang'ane choncho pa chithunzipo. Nditapita kukabwezera pepala lanu, ndinamata ndi selotepi. Ine, mkazi wa munthu amene anamata mapepala a masewera m'tauni yonseyi zaka makumi atatu ndi zinayi, ndowa kudzanja lino bulashi kudzanja linalo, kukamata ndi selotepi! Inu munkati selotepi ndi ya anthu osafuna kuti mawu awo afike mawa. Mlonda analimatula ndi zala ziwiri ine ndikuona, n'kundipatsa mwaulemu, ati agogo kasungeni kunyumba. Ndinabwerera nditakupindani m'thumba, manyazi atandigwira mpaka m'mapazi.

Mwana wanu Lyuben akuti ndizisiye, tingoika chithunzi chanu pa foni poti ndi kumene anthu ambiri amaona. Pa foni! Nanga a Trifon, mnzanu uja wa maso ang'ala, azikagwira foni polowa m'bwalo? Chichotsereni pepala lanu sanalowemonso. Amafika pa chipata atavala mpango wa timu, amaima, amayang'ana mano a Zlatomir, n'kubwerera kwawo. Radostina, mwana wanu wamkazi, sayankhula zambiri, anatengera amayi anu, koma ndi iye wasindikiza pepala lino ndipo wasankha lolimba.

Mukukumbukira poto wanga wabuluu amene munandilanda kuti muziphikiramo phala lomatira? Ndinakulalatirani zaka zonse zija ndipo sindikubweza mawu, anali poto wabwino. Dzulo ndinamutsitsa pamwamba pa kabati. Ufa wa tirigu, madzi ozizira poyamba kuti lisachite mibulu, shuga wodzaza dzanja, viniga pang'ono, kenako kutakasa osaleka mpaka mkono kuwawa. Ndinkayesa kuti sindinkayang'ana mukamaphika, koma manja akumbukira okha. Fungo lija litadzaza khitchini ndinakhala pansi n'kulira, uku ndikukukalipirani kuti munafulumiranji chonchi, kundisiyira nkhondo ya mpira ine amene sindinaukondepo n'kamodzi komwe.

Ndayenda khomo ndi khomo, ndipo amasiye a pachipata tapezeka khumi ndi mmodzi, timu yokwana. Lero ndi Loweruka, kuli masewera. Masana dzuwa lili pamutu, anthu akulowa, tikagawa tirigu wophika pa chipata monga mwa mwambo, aliyense adye akutchula dzina lanu, kenako tikumatani nonse. Lyuben wanyinyirika, koma ndowa anyamula ndi iyeyo, ndipo a Trifon abwera ndi makwerero. Mlonda wamva kale, akuti aitana apolisi. Aitane! Tione amene agwire mkono mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri atanyamula mbale ya tirigu wa akufa. Phala lanu likauma silichoka ndi zala, mapepala anu ena akadali pa khoma la siteshoni mpaka lero. Akafuna kukuchotsaninso, apale ndi katswiri wawo yemwe.

Malo pa chithunzi cha Zlatomir tagawana kale. A Spas apita pachifuwa, a Doncho pa botolo la mafuta lija, ena asanu ndi atatu aja aphimba mano ndi tsitsi. Inu, amuna anga, ndakusungirani mwendo wamanzere. Mwini wake saugwiritsa ntchito.

Malinga ndili ndi ufa m'nyumba ndi mphamvu m'manja, pa chipata simuchokapo, ndipo m'mitima yathu palibe angakupaleni.

Mkazi wanu Velichka, ana anu Lyuben ndi Radostina, mdzukulu wanu Nevena