Zimene a Jacinto Ankawauza

Cuamba, Mozambiki
9 Marichi, 2012

Okondedwa achemwali anga a Tumpale,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ndilipo. Ndikudya, ndikugona, malungo sanandigwirenso chichokere Januwale. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya matabwa yopita ku Songea, iye akaiponya ku positi. Pa foni mumandifunsa kuti ndili bwanji, ine n'kuyankha kuti bwino, tikatero nkhani yatha. Ndaona kuti bola ndilembe.

Lero ndakwanitsa miyezi isanu ndi iwiri chifikire kuno. Chipwitikizi ndayamba kugulira nacho tomato pamsika, koma Chimakuwa chikundikanikabe, ndimangotolako moni ndi zikomo. Mpingo uli ndi anthu khumi ndi asanu ndi anayi, osawerengera ana. Timapempherera mu shedi yakale ya thonje, ndipo mvula ikamagwa pamalata palibe womva mnzake, timangokhala n'kudikira kuti ikate. Mukumbukira tsiku lotitsanzika ku Tukuyu, bambo atandiveka jekete lawo n'kunena kuti Mulungu anawakaniza iwo umishonale kuti adzapatse ine? Jeketelo ndimavala Lamulungu lililonse, ngakhale kuno kumatentha koopsa.

Za mwana wathu mukudziwa kale, kuti anangokhala ndi moyo masiku awiri. Zimene simukudziwa n'zakuti ine sindinalire. Sindinalire pamaliro, sindinalire tsiku limene ndinakweza basi mkazi wanga Subilaga kubwerera kwa mayi ake. Ndinafika kunyumba, ndinatsuka mbale, ndinakonza ulaliki. Ndakhala ndikudikira kuti chisoni chifike, koma sichikufika. Ndikagwada kuti ndipemphere, chimene ndimamva ndi kuwawa kwa mawondo basi. Izi musawauze bambo.

Pano pali bambo ena achikulire dzina lawo a Jacinto, okonza njinga pamsika. Nthawi ya nkhondo anathawira kwathu ku Tanzania n'kukhalako zaka zambiri, choncho Chiswahili amachidziwa, ndipo ndiwo amanditanthauzira ndikamalalikira. Ine ndinena pang'ono n'kupuma, iwo n'kunena m'Chimakuwa.

Lamulungu lapitali ndinaimirira, ndinawerenga Salimo, n'kuyamba kulalikira za kudalira Mulungu. Ndili pakati mawu anangotha. Si kuti ndinaiwala, pepala linali m'manja mwanga. Ndinangoona kuti palibe chopitirizira. Ndiye ndinanena m'Chiswahili, mokweza ngati ndikulalikirabe, kuti, "Ine ndilibe chonena. Sindikudziwa chimene ndinadzera kuno."

A Jacinto sanaphethire n'komwe. Anatembenukira kwa anthu n'kulankhula kwa nthawi yaitali ndithu, manja ali m'mwamba. Anthu anati ameni. Mayi Felismina, mtsogoleri wa amayi, anayambitsa nyimbo, ine n'kukhala pansi.

Lolemba ndinawatsatira a Jacinto kumsika. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga.

"Munawauza chiyani anthu dzulo?" ndinafunsa.

"Zimene munanena, abusa."

"Ine ndinanena mawu ochepa. Inu munalankhula mpaka thukuta."

"Chimakuwa n'chachitali," anatero akumiza chubucho m'beseni la madzi kufuna pobooka.

"A Jacinto, musandinamize."

Anapukuta manja pa thalauza, n'kundikankhira ndowa kuti ndikhalepo. "Chabwino. Ndinawauza za Yobu atakhala paphulusa, anzake n'kukhala naye masiku asanu ndi awiri osalankhula. Sabata inayo ndinawauza za Hagara m'chipululu. Abusa, chiikire mwana uja ulaliki wanu uli ngati chubu ichi, ndimapopa koma mpweya sukhalamo. Ndiye ndimalalikira ndine. Inu mumangoimirira."

"Anthu akudziwa?"

"Aa, asadziwe bwanji? Akhala akundimva ndikukalipira makasitomala zaka makumi awiri, malankhulidwe anga angawasowe?"

"Nanga amabwereranji?"

"Amabwera kudzakhala nanu. Munaika mwana m'dothi lathu, mukufuna akusiyeni nokha? Gwirani apa, mufinye kwambiri."

Ndinagwira. Ndinkayesa kuti ndichita manyazi, kapena ndikwiya, poti munthu amene anatumidwa ndi mpingo wonse, bambo ake n'kugulitsa ng'ombe kuti aphunzire zaubusa, wakhala akuimirira ngati chitsa miyezi itatu. Koma palibe chimene ndinamva. Ndinafinya chubucho mpaka guluu anauma, ndinawathandiza kubwezera tayala, n'kubwerera kunyumba.

Akuluakulu a mpingo kwathuko andilembera. Akuti amva za zimene zinatigwera, ndipo ndisankhe ndekha, kukhala kapena kubwerera, koma yankho lifike Pasaka isanakwane. Ndikabwerera, sindikudziwa kuti bambo ndidzawayang'ana bwanji, komanso manda adzatsala okha. Ndikakhala, Subilaga ananeneratu pokwera basi kuti kuno sadzapondanso. Kalatayo ili patebulo, ndinaipsinja ndi kapu kuti isauluke. Ndinawafunsa a Jacinto kuti ndiyankhe chiyani. Iwo anaseka n'kuti, "Zimenezo sindingakutanthauzireni, abusa." Mawa madzulo ndikupita kwawo, akuti andiphunzitsa Pemphero la Ambuye m'Chimakuwa kuti pakhale kena kake kotuluka pakamwa panga.

Mukapeza wobwera kuno munditumizireko masamba a tiyi akwathu, akuno sakoma. Muikemonso buku la nyimbo la Chinyakyusa, lija lothothoka chikuto, ndinalisiya pawindo kuchipinda kwa mayi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, makamaka Bupe, alimbikire mayeso. Mayi muwauze kuti ndikudya mokwanira. Bambo muwauze kuti kuno anthu akumva ulaliki wabwino Lamulungu lililonse, limenelo si bodza.

Mukapita ku Kiwira kwa apongozi anga, mukamuone Subilaga. Akaimba foni sindilankhula, koma si kuti ndamukwiyira. Iye amalira, ine ndimangogwira foniyo kukhutu osapeza chonena, ndipo ndikudziwa kuti zimenezo zimamupweteka koposa. Mukamuuze kuti mwala uja wa pamanda a mwana tinaika Lachitatu. Mayi Felismina ndi anzawo amasesa pamandapo Loweruka lililonse, popanda wowatuma. Mmisiri analakwitsa dzina, m'malo mwa Lusekelo analemba Lusequelo, kalembedwe ka Chipwitikizi. Anandifunsa ngati lili bwino, ine ndinati lili bwino. Mukamufunse ngati akufuna kuti ndikonzetse. Akati inde, ndikonzetsa.

Ndine mlongo wanu,
Gwamaka